Mmene mungalakwitsire kafukufuku wa filimu yoopsa pa Songani

Tinene kuti ndinu gulu la ophunzira za zisudzo ndi mafilimu pa Yunivesite ya Malawi ku Zomba, kumene ambirife timakutchabe ku Chanco, ndipo mwagwirizana kuti projekiti yanu yomaliza ikhale filimu yoopsa, ija anyamata amati hora. Maganizowo ndi abwino. Filimu yotere siilira chuma chambiri: mdima ndi waulere, thengo lilipo, ndipo mtima wa munthu suchedwa kugunda. Aphunzitsi anu akuti musanagwire kamera mukafufuze kaye zimene anthu amakonda kuonera ndi zimene zimawaopsa. Mwasankha Songani, pa msewu wa M3 wochoka ku Zomba kulowera ku Liwonde, m'dera la mfumu yaikulu Malemia, kufupi ndi Domasi. Kumadzulo kwake kuli phiri, kummawa kuli chigwa chotsetserekera ku nyanja ya Chilwa. Pali msika, mizikiti, matchalitchi, anyamata a kabaza, ndi anthu okonda mafilimu kuposa mmene a m'tauni amaganizira.

M'munsimu ndandandalika njira zolakwitsira ntchitoyi, imodziimodzi, monga mmene munthu angazitsatire. Ndazilemba chifukwa iliyonse imaoneka ngati nzeru pamene ukuichita. Zina zimangokulepheretsani mayeso, koma zina zitha kuvulaza munthu amene sanakulakwireni kanthu.

1. Pitani ndi yankho m'thumba

Lembani nkhani yonse ya filimu musanafunse munthu aliyense. Itengeni m'mafilimu a ku America amene mwakhala mukuonera pa laputopu ku hostelo: nyumba yosanja yosiyidwa, chipinda cha pansi pa nthaka, chidole cholankhula, munthu wobisa nkhope atanyamula sowo ya injini. Kenako konzani mafunso oti anthu angokuvomerezani. Funsani kuti, "Kodi si zoona kuti filimu ya magazi ambiri ndiyo imaopsa?" Munthu wa pa Songani, poona mlendo wochokera ku sukulu ya ukachenjede, adzati, "Eee, n'zoona achimwene." Inu mudzalemba kuti wagwirizana nanu, chonsecho iye amangokupatsani ulemu. Kwathu kuno kutsutsa mlendo pamaso ndi mwano, choncho funso lopita litanyamula yankho lake limabwerera nalo lomwelo.

Mukatero mudzajambula filimu yochitikira m'nyumba zimene oonera anu sanagonemo. Munthu saopa chipinda cha pansi pa nthaka ngati kwawo kulibe. Amaopa ulendo wa usiku wopita kuchimbudzi cha kuseri kwa nthochi. Amaopa kadzidzi wolira pa denga pamene m'nyumba muli wodwala. Amaopa "odi" wa pakati pa usiku, wa mawu a munthu amene anamuika m'manda mwezi watha.

2. Funsani anzanu a pa WhatsApp, mulembe kuti mwafunsa Amalawi

Konzani mafunso pa Google Forms, mutumize linki m'magulu a kalasi, a kwaya ndi a anzanu a ku sekondale. Pakutha sabata mudzakhala ndi mayankho ochuluka ndi matchati okongola, osatuluka ngakhale pa geti. Pamwamba pa lipoti lembani kuti awa ndi maganizo a oonera a ku Zomba.

Kalembera wa 2018, amene anachititsa ofesi ya National Statistical Office ya mu mzinda wa Zomba womwewo, anapeza kuti anthu 84 pa 100 aliwonse m'dziko muno amakhala kumudzi. Mnyamata wopalasa kabaza, mayi wogulitsa matemba ndi mlimi wa mpunga wa ku sikimu ya Domasi, ambiri a iwo ali ndi foni ya mabatani, ndipo amene ali ndi foni ya intaneti sangathere bandulo yake pa fomu ya munthu wosamudziwa. Amene adzakuyankheni ndi ofanana nanu, oonera zimene inu mumaonera.

Kuchuluka kwa mayankho sikukonza vutoli. Mu 1936 magazini ya ku America yotchedwa Literary Digest inatumiza mapepala pafupifupi 10 miliyoni kufunsa anthu amene adzamuvotere, ndipo oposa 2 miliyoni anayankha. Inalengeza kuti Alf Landon agonjetsa Franklin Roosevelt. Roosevelt anapambana m'zigawo 46 mwa 48. Mayina ambiri magaziniyo inawatenga m'mabuku a eni matelefoni ndi eni galimoto, pa nthawi imene anthu ochuluka anali pa umphawi, ndipo amene anavutikira kuyankha anali osiyana ndi amene sanayankhe. George Gallup, amene anafunsa anthu ochepa kwambiri koma osankhidwa mosamala, ananena molondola wopambana.

3. Bweretsani mabokosi oti anthu achonge

Ngati mwaganiza zopitadi pa Songani, sindikizani mafunso m'Chingerezi, okhala ndi timabokosi ta mitundu ya mafilimu monga mmene mabuku a kunja amaigawira. Muuzeni munthu asankhe pakati pa 1 ndi 5 kuti mizukwa imamuopsa bwanji. Musatenge womasulira, ngakhale kuti m'midzi yambiri ya kuno agogo amamasuka akamalankhula Chiyao, ndipo chakumunsi kunyanja mumamvekanso Chilomwe.

Anthu sagawa mafilimu monga mmene buku lanu limagawira. Adzakuuzani za "filimu ya Chinaijeriya ija munthu anapereka mkazi wake kuti alemere", kapena "ya Chitchaina ya ndewu". Nkhani ya kukhwimira chuma ndi magazi a mbale, imene inatchuka ndi filimu ya ku Nigeria ya 1992 yotchedwa Living in Bondage, kwa oonera ambiri ndi yoopsa kuposa chilombo chilichonse, chifukwa imakhudza funso limene limanong'onedwa pa malo aliwonse a malonda munthu akalemera mwadzidzidzi. Pa fomu yanu palibe bokosi la zimenezo. Palibenso bokosi la ndondocha, la lichero louluka usiku, la fisi wotumidwa, kapena la majini amene Asilamu a kuno angakufotokozereni mosiyana ndi mmene a mpingo wa Chipentekoste angafotokozere ziwanda. Mudzabwerera ndi manambala aukhondo onena za zinthu zimene palibe amaziganizira.

4. Musalowe m'vidiyo sho

Muzikhulupirira zimene anthu akunena, musavutike kukaona zimene amachita. Mukatero mudzaphonya malo amene yankho lenileni lili.

Vidiyo sho ya pa malo a malonda imadziwika ndi sipika yaikulu yoikidwa panja kuti phokoso liitane anthu. Pakhomo pamakhala chinsalu chotchinga kuwala, bolodi kapena chikatoni cholembedwa mafilimu ndi mpira wa tsikulo, ndi mnyamata wotolera ndalama. M'kati muli mabenchi a matabwa, TV ili pamwamba pa shelefu, mukutentha, ndipo ana opanda ndalama akusuzumira m'ming'alu. Pamwamba pa mawu a ochita sewero pamamveka mawu a womasulira m'Chichewa, amene amapatsa anthu a m'filimu mayina a konkuno, kuwonjezera nthabwala ndi kuchenjeza kuti zinthu zatsala pang'ono kuvuta. Oonera sakhala chete. Wina amakuwa, "Usalowe mmenemo iwe!" Wina, "Wafa ameneyu!" Chinthu choopsa chikatulukira, chipinda chonse chimaseka, ndipo wofufuza wothamanga amalemba kuti sanaope. Koma kuseka kotero n'kotulutsa mantha pagulu. Malo oyenera kulemba m'kope ndi amene phokoso lonse lazima, wotafuna nzimbe waleka kutafuna, ndipo mwana wa pa benchi lakutsogolo wasunthira kwa mkulu wake. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mwini vidiyo sho amadziwa filimu imene imadzaza mabenchi ndi imene anthu amatuluka isanathe, chifukwa chakudya cha ana ake chimachokera pomwepo. Mnyamata wa kompyuta wobenera anthu nyimbo ndi mafilimu m'mamemori khadi amadziwa zimene amapemphedwa kawirikawiri. Awiriwa asiyeni, pakuti alibe digiri. Mukatero mwataya anthu amene akhala akuchita kafukufuku wanu tsiku ndi tsiku kwa zaka.

Akatswiri enieni amaonerera oonera. Mu 1975 Steven Spielberg anaonetsa filimu yake ya Jaws kwa anthu ku Dallas isanatuluke, n'kumvetsera pamene akukuwa. Ataona mmene akuchitira, anakajambula chigawo china chodzidzimutsa m'dziwe losambira la kunyumba kwa Verna Fields, amene ankalumikiza zithunzi za filimuyo.

5. Fikani osaodira

Tsikani minibasi madzulo, mulowe m'mudzi muli anayi kapena asanu, mutanyamula zikwama zakuda, mawaya, matochi ndi miyendo itatu yoimikira kamera. Musapite kwa nyakwawa, musaonetse kalata ya ku sukulu, musadziwitse apolisi kapena a komiti ya chitetezo cha m'mudzi. Yambani pomwepo kufunsa anthu za magazi, manda ndi zimene zimachitika usiku.

Iyi ndi njira imene ingakuphetseni. Mu Seputembala ndi Okutobala 2017 mphekesera ya anamapopa inafalikira ku Mulanje, Phalombe, Thyolo ndi Chiradzulu mpaka kufika ku Blantyre. Anthu osachepera 8 anaphedwa ndi magulu a anthu okwiya, ndipo mmodzi wa iwo anali mnyamata wodwala khunyu amene anamutentha ku Blantyre. Bungwe la United Nations linachotsa ogwira ntchito ake ku Mulanje ndi ku Phalombe, boma limene lachita malire ndi Zomba ndipo limafika pa nyanja ya Chilwa yomweyi. Mphekesera yotereyi inabukapo kale kumapeto kwa 2002, ndipo mu Januwale 2003 Eric Chiwaya, amene anali gavanala wa chipani cholamula ku Blantyre, anagendedwa poganiziridwa kuti akusunga anamapopa. Mu 2018 mtolankhani wa ku Ghana, Anas Aremeyaw Anas, ndi anzake amene ankajambulira BBC anamenyedwa ndi anthu ku Karonga usiku, poganiziridwa kuti ndi ogula ziwalo za anthu.

Anthu amene amakayikira mlendo wa zida zachilendo ali ndi zifukwa zawo. Anamvapo za ana osowa ndi manda ofukulidwa, ndipo nthawi zambiri palibe anabwera kudzawafotokozera chimene chinachitika. Mfumu ikakulandirani, n'kuuza anthu ake kuti awa ndi ana a sukulu, n'kukupatsani mwana wa m'mudzimo woyenda nanu, mwatetezeka inu ndipo anthu nawo agona mtima uli m'malo. Kudumpha zimenezi kumaika pa ngozi inu ndi aliyense amene angakupatseni mpando.

6. Funsani mayina

Pofuna kuti filimu yanu ikhale ya zenizeni, funsani kuti, "Kodi m'mudzi muno mfiti ndi ndani?" Tsegulani foni ijambule. Munthu akaloza ndi mlomo nyumba ya udzu ya kumapeto kwa mudzi, pitani komweko.

Mudzawapeza anganga ali pa khonde, akutongola chimanga m'lichero. Mudzati, "Odi, agogo!" Iwo adzati, "Afike," n'kuyala mkeka, n'kufunsa za kumene mwachokera ndi za makolo anu. Maso awo ndi ofiira chifukwa cha utsi wa nkhuni wa zaka zambiri. Mano anatha. Amalankhula okha nthawi zina, pakuti amuna awo anamwalira ndipo ana ali ku Joni. Mmodzi wa inu adzanong'ona kuti nkhope iyi ndiyo tikufuna. Mudzawajambula chapafupi, mudzawapatsa sopo, iwo adzawomba m'manja kuthokoza. Ana a m'mudzi amene amakutsatirani aona zonse, ndipo pofika madzulo nkhani yafika pa mjigo: a ku yunivesite anabwera kudzafufuza za ufiti, ndipo anapita kwa anganga aja. Inu mwakwera minibasi kubwerera ku Zomba. Iwo atsala pomwepo, ndipo tsiku limene mwana wa mnansi adzadwale malungo aakulu, anthu adzakumbukira.

Mu Januwale 2016 ku Neno anthu anayi okalamba anaphedwa ndi anthu a m'mudzi mwawo powanamizira kuti ndiwo anatumiza mphenzi imene inapha mtsikana. Nkhani za agogo omenyedwa ndi kuwotcheredwa nyumba zikumvekabe m'maboma ambiri. Lamulo la za ufiti la 1911 limaletsa kuloza munthu chala kuti ndi mfiti, choncho funso lanu likukokera woyankha ku mlandu. Filimu nayo ili ndi mphamvu yake. Ku Nigeria, filimu ya 1999 yotchedwa End of the Wicked, yopangidwa ndi kampani ya mlaliki Helen Ukpabio, inaonetsa ana akudya nyama ya anthu usiku, ndipo omenyera ufulu wa ana akhala akuidzudzula kuti inakolezera mchitidwe wonamizira ana ufiti, kuwazunza ndi kuwathamangitsa m'makomo. Mukaika nkhope ya gogo wosauka pamalo pa chilombo, mwapatsa oonera chithunzi chimene adzachifunefune pakati pa anansi awo.

7. Tengani chisoni cha anthu chikhale chokometsera

Pofuna chigawo chodzidzimutsa, ikanimo munthu wa chialubino amene mafupa ake akubweretsadi chuma. Lembani kuti kafukufuku waonetsa kuti anthu amakonda zotere. Kuyambira chakumapeto kwa 2014 anthu a chialubino m'dziko muno akhala akuphedwa, kubedwa ndi kufukulidwa m'manda chifukwa cha bodza limenelo, ndipo boma la Machinga, loyandikana ndi Zomba, ndi limodzi mwa amene anakhudzidwa kwambiri. MacDonald Masambuka anaphedwa komweko mu 2018, ndipo mu 2022 bwalo lalikulu linapeza anthu 12 olakwa pa milandu yokhudza imfa yake. Filimu yoonetsa kuti chizimbacho chimagwira ntchito ikuthandiza ogula mafupa. Musafunse a bungwe la APAM, loimira anthu a chialubino, maganizo awo, ndipo mudzakhala mwalakwitsa kotheratu.

Chitaninso chimodzimodzi ndi miyambo. M'nyengo ya tchuthi chachikulu, anyamata akakhala ku ndagala ndi atsikana ku nsondo, zemberani ndi kamera mukajambule. Kapena bwerekani zigoba za Gule Wamkulu muvale ngati ziwanda, osalabadira kuti kwa eni ake ndi mwambo wopatulika umene UNESCO inauzindikira mu 2005, komanso kuti pa Songani chikhalidwe chofala ndi cha Chiyao. Mudzakhumudwitsa Achewa, ndipo oonera a pa Songani adzaona kuti simukuwadziwa.

8. Fulatirani nyanja ndi phiri

Musafunse asodzi kanthu. Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndi yosaya, ndipo yazingidwa ndi madambo a mabango ndi njedza mmene bwato limayenda m'tinjira topapatiza. Asodzi ena amakhala masabata m'zimbowera, timisasa toyandama pakati pa madzi, kutali ndi chipatala, kumene kolera ikabuka imapha msanga. Nyanjayi inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu inaumanso, mabwato n'kutsala pa dothi long'aluka, anthu n'kumayenda wapansi pamene ankapalasa. Msodzi wa ku Kachulu kapena wa pa chilumba cha Chisi akhoza kukuuzani mmene usiku wa m'chimbowera umamvekera mphepo ikasintha, ndi zimene munthu amaganiza mnzake akachedwa kubwera kuchokera ku maukonde.

Musafunsenso za phiri. Mu Disembala 1946 madzi ndi miyala zinatsika m'phiri la Zomba n'kuwononga mzindawo, ndipo anthu anati wadutsa Napolo. Mu Malichi 1991 zinachitikanso ku Phalombe. Steve Chimombo, amene ankaphunzitsa ku Chanco komweko, anamanga ndakatulo zake zambiri pa Napolo. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anapha ndi kusowetsa anthu oposa 1,000 m'chigawo cha kummwera. Kwa munthu wokhala m'munsi mwa phiri, mkokomo wa usiku mvula ikagwa masiku atatu osaleka ndi mantha amene amawadziwa m'thupi. Pamwamba pa phiri la Zomba palinso dzenje la Chingwe, limene anthu amasimba kuti kale ankaponyamo anthu. Ndipo pali nthano za madzulo, zimene agogo akhala akuopsezera nazo ana mwaluso: amadziwa pochedwetsa mawu, poyimbitsa nyimbo ndi posiya osanena.

Mantha a mtundu uwu saloza chala munthu aliyense wa m'mudzi, ndipo safuna ndalama zambiri. Filimu ya ku America ya 1999, The Blair Witch Project, yonena za ophunzira atatu osochera m'nkhalango, inajambulidwa ndi ndalama zochepa n'kupeza madola pafupifupi 250 miliyoni, chonsecho chinthu choopsacho sichioneka ngakhale kamodzi. Mukafulatira nyanja, phiri ndi nthano, mudzawononga ndalama zanu zochepazo pogula utoto wofiira.

9. Pitani kamodzi, mufunse amene ali pafupi ndi msewu

Sankhani tsiku limodzi, makamaka Lachisanu masana pamene ambiri ali ku mzikiti, kapena mmawa wa dzinja pamene aliyense ali kumunda, kapena madzulo a mwezi wa Ramadani anthu akukonzekera kumasula. Imani pa siteji mufunse anyamata amene mwawapeza. Amayi ndi atsikana ambiri salowa m'vidiyo sho. Amaonera kunyumba, pa foni kapena pa TV ya mnansi, ndipo sangamasuke kuuza mnyamata wachilendo pagulu zimene zimawaopsa. Musatenge mtsikana m'gulu lanu wokacheza nawo paokha. Mukatero simudzamva kuti kwa ambiri a iwo choopsa ndi mapazi a munthu wowatsatira pa njira ya kuchigayo dzuwa litalowa.

Ana ndi osavuta kuwapeza, choncho asonkhanitseni muwaonetse zigawo zoopsa pa laputopu, makolo awo osadziwa. Mwana adzalota usiku, adzatchula dzina la munthu m'tulo, ndipo mwabutsa mlandu m'mudzi. Yunivesite ili ndi komiti yoona kuti kafukufuku asapweteke anthu, UNIMAREC, ndipo malamulo a kafukufuku kulikonse amafuna chilolezo cha kholo mwana asanafunsidwe. Kuzemba zimenezi chifukwa choti projekiti ndi yaing'ono ndi kulakwitsa kumene kumaoneka ngati kusunga nthawi.

10. Lonjezani, kenako phikani

Uzani aliyense kuti adzaoneka m'filimu, kapena musiye anthu aganize kuti ndinu a bungwe lolemba mayina a thandizo. Adzakupatsani mayankho alionse amene akuona kuti akusangalatsani. Dzuwa likatentha mapepala asanathe, khalani pansi pa mtengo wa mango mudzaze otsalawo nokha, mukusinthasintha cholembera. Mchitidwewu ndi wodziwika moti katswiri wina, Crystal Biruk, analemba buku mu 2018 lotchedwa Cooking Data, lofotokoza mmene kafukufuku wa mafunso amayendera m'midzi ya ku Malawi, kuphatikizapo mphatso za sopo ndi madandaulo a anthu otopa kufunsidwa popanda chosintha. Mayankho ophika adzagwirizana ndendende ndi nkhani imene munalemba poyamba, ndipo simudzaphunzirapo kanthu.

11. Musabwererenso

Filimu ikatha, ionetseni ku Great Hall kwa anzanu ndi aphunzitsi, muiike pa YouTube, mulandire malikisi. Musafunse za chilolezo ku Censorship Board, imene lamulo la 1968 linaipatsa mphamvu pa mafilimu oonetsedwa kwa anthu. Koposa zonse, musaibweretse pa Songani. Mukatero simudzadziwa ngati kafukufuku wanu ananena zoona, pakuti mayeso ake enieni ndi mabenchi a m'vidiyo sho aja. Mudzakhalanso mwatsekera njira ophunzira a chaka chamawa, amene adzauzidwa kuti anzanu anabwera, anatenga nkhani zathu, sitinawaonenso.

Sukulu yanu yomweyo ili ndi mbiri ina. M'zaka za m'ma 1980 gulu la Travelling Theatre la ku Chancellor College, ndi aphunzitsi monga Chris Kamlongera ndi David Kerr, linkapita kukakhala m'midzi, ku Mbalachanda ku Mzimba ndi m'midzi ya kufupi ndi Liwonde, kumvetsera mavuto a anthu, kupanga sewero kuchokera pa zimene lamva, n'kulichita pamaso pa eni ake, amene ankalowererapo ndi kulikonza. Opanga mafilimu athu, monga Charles Shemu Joyah ndi The Last Fishing Boat ya 2012, aonetsanso kuti nkhani yozikika pa moyo wa anthu a kunyanja imatha kuyenda mpaka kunja.

Zimene mudzakolole

Mukatsata njira zonsezi mudzakhala ndi lipoti la matchati abwino, filimu imene siopsa munthu aliyense wa kuno, ndi mudzi umene mwausiyira kukayikirana. Ndikufuna Malawi akhale ndi mafilimu oopsa akeake, chifukwa mtundu wa anthu umafunika malo oyang'anirana ndi mantha ake popanda wina kufa. Filimu yoopsa yabwino imagwira munthu pakhosi kwa ola limodzi, kenako imamubweza kunyumba ali pa mtendere ndi anansi ake. Kuti mufike pamenepo, yambirani kwa mfumu ndi kalata m'manja. Khalani pa benchi la m'vidiyo sho kangapo musanafunse funso lililonse. Chezani ndi amayi, asodzi, ashehe, abusa ndi agogo m'chilankhulo chimene amamasuka nacho, ndipo muwauze poyera chimene mudzachite ndi mawu awo. Funsani chimene chimaopsa, musafunse amene amaopsa. Pa chigawo chilichonse chimene mwalemba, dzifunseni kuti ndani pa Songani adzagone mosatekeseka filimuyi ikaonetsedwa, ndipo ndani adzayambe kulozedwa chala. Ngati alipo woti adzalozedwe, chigawocho chichotseni, ngakhale chikhale chokoma bwanji.